Madzi oyera m'maso angathe kupha

Mu Seputembala 2022 kolera inabuka m'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo mvula itayamba inafalikira m'maboma ena. Ku Malawi, kumene anthu a ku Mandimba amapita tsiku ndi tsiku kudzera pa chipata cha Chiponde, mliri womwewo unapha anthu oposa 1,700.

Njira imene matendawa amalowera pakhomo njodziwika. M'chilimwe banja limakumba chitsime kudambo, kumunsi kwa chimbudzi. Madzi ake amatuluka oyera mbee, ozizira, ndipo mudzi wonse umayamba kutunga pomwepo. Dzinja likafika nthaka n'kukhuta madzi, zonyansa za m'chimbudzi zimatsetsereka pansi panthaka mpaka m'chitsime muja. Madzi sasintha mtundu, sanunkha. Mayi amatunga monga mwa masiku onse. Usiku mwana amayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo pena kumacha thupi litauma kale. Pamaliro anthu amayamba kulozana zala, pomwe pachitsime chija akutungabe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene diso silingaone, labotale imaona. Woyeza amatunga madzi m'botolo lopanda tizilombo, amaliika pozizira, n'kuthamanga nalo tsiku lomwelo. Kumeneko amasefa mamililita 100, n'kufungatira sefayo pamalo ofunda usiku wonse kuti tizilombo timere, tiwerengeke. Amafufuza E. coli, kachilombo ka m'chimbudzi. Bungwe la World Health Organization limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Amayezanso nayitireti wochokera ku feteleza, kumakola ndi kuzimbudzi, amene sayenera kupitirira mamiligalamu 50 pa lita, chifukwa amavulaza magazi a makanda. Alimi a fodya, chimanga ndi thonje a ku Ngauma ndi ku Cuamba, nkhani imeneyi njanu, ndipo dziwani kuti nayitireti sachoka ndi kuwiritsa.

Tsono abale anga, chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Komiti ya mjigo ipemphe azaumoyo a m'boma kuti adzayeze madzi mvula ikayamba komanso madzi akasefukira, ndipo zotsatira zake ziwerengedwe pamsonkhano wa mudzi, aliyense amve. Podikira yankho, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo mankhwala oyeretsera madzi a Certeza. Chitsime chikapezeka ndi tizilombo, musachimvere chisoni chifukwa munachikumba movutikira. Chitsekeni mpaka chikonzedwe n'kuyezedwanso.