Namwino wofuna kukwera ali pantchito: zoyenera ndi zosayenera

Pachipatala chaching'ono chakumudzi, amene amadzutsidwa pakati pa usiku mayi akafika ali pa matenda kawirikawiri ndi namwino wa gulu lija timati Nurse Midwife Technician, mwachidule NMT. Anaphunzira zaka 3 ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Nguludi, ku Muona kapena ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ana amene anabadwira m'manja mwake sangawawerenge. Komabe pamakwerero a ntchito amafika pena n'kuima, chifukwa maudindo apamwamba amafuna munthu amene ali m'kaundula wa Registered Nurse Midwife. Kale njira inali imodzi yokha: kudikira dzina lako lituluke, kusiya ana ndi ntchito, n'kukagonera kusukulu.

Anzathu a ku Kenya anatopa nako kudikiraku. Anali ndi anamwino a satifiketi pafupifupi 22,000, pamene sukulu zinkatha kukweza anthu ngati 100 okha pachaka. Mu 2005 bungwe la AMREF, khonsolo ya anamwino ya dzikolo ndi unduna wa zaumoyo anayambitsa maphunziro a pakompyuta kuti namwino azikwera ali pantchito pake. Ine njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa mudzi sutaya namwino wake. Koma ndaona anthu akupindula nayo, ena akutaya nayo ndalama ndi zaka, ndiye zili m'munsizi ndikulembera inu amene mukuilingalira.

Choyenera: Musanalipire ngakhale tambala, funsani ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati pulogalamu imene mwaionayo anaivomereza, komanso ngati womaliza amaloledwa kulemba mayeso awo a laisensi. Funsani za pulogalamuyo, osati za sukulu yokha, poti sukulu itha kukhala yodziwika koma maphunziro ake apatali asanavomerezedwe. Onaninso ngati sukuluyo ili m'ndandanda wa National Council for Higher Education. Yankho likhale la pakalata. Amene muli ku Chipata kapena ku Lusaka, khomo lanu ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia.

Chosayenera: Kukopeka ndi zotsatsa za pa Facebook zolonjeza kuti mukhala Registered Nurse (RN) muli pakhonde panu. Zambiri mwa izo ndi za ku America, kumene namwino wa gulu lapansi amatchedwa LPN, ndipo ku Texas ndi ku California amati LVN. Maphunzirowo anakonzera munthu amene ali kale ndi laisensi ya komweko, wodzachita pulakatiko m'zipatala za komweko, n'kudzalemba mayeso awo a NCLEX-RN. Kwa iwo ndi njira yabwino ndithu. Kwa inu amene muli ku Ntchisi, mudzangotsala ndi pepala lokongola limene khonsolo siingalandire.

Choyenera: Auzeni a metroni kapena a DNO, mkulu wa anamwino m'boma lanu, mudakali pa maganizo, ndipo pemphani kalata yokulolani. Mudzafuna masabata opita kukoleji kukakumana ndi aphunzitsi, masabata a pulakatiko kuchipatala china, ndi masiku a mayeso. Wolemba ndandanda wa ntchito akadziwa msanga amatha kukusunthirani naiti. Ngati akufuna musayine kuti mukamaliza mudzagwirabe pamalopo zaka zakuti, werengani pepalalo kawiri musanaikepo dzina.

Chosayenera: Kuphunzira mwakabisira n'kumanamizira malungo sabata ya mayeso. Pachipatala cha anamwino awiri, mmodzi akasowa winayo amagwira usana ndi usiku, ndipo tsiku lina adzadziwa chimene chinkakudwalitsani.

Choyenera: Pa chilichonse chimene manja anu anazolowera, funsani kuti chimachitikiranji. Apa ndi pamene pagona kukwera konseku, ndipo ndikhalitsapo.

Tengani mayi woyembekezera amene BP yakwera mpaka wayamba kukomoka. NMT aliyense wodziwa ntchito athamangira magnesium sulphate, ndipo mlingo ali nawo pamtima: magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, ndi magalamu 10 m'matako, 5 mbali iliyonse. Wachita bwino. Koma tsopano mukuphunzira kukhala munthu amene ena adzamufunsa. Chifukwa chiyani tisanabaye mlingo wina timagogoda bondo? Chifukwa chiyani timawerenga kupuma kuti kusatsike pa 16 pamphindi, n'kumayeza mkodzo kuti ukufika mamililita 30 pa ola? Yankho lake ndi lakuti mankhwalawa amachoka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka, monga zimachitira pa matenda amenewa, mankhwala amaunjikana m'magazi, minofu imalefuka, ndipo bondo limayamba kusonyeza mapapo asanatope. Wodziwa zimenezi saiwala kuona ngati calcium gluconate alipo m'kabati asanayambe, ndipo mkodzo ukachepa sadikira wina amuuze kuti aime.

N'chimodzimodzi ndi oxytocin wa mayunitsi 10 amene timabaya mwana akangobadwa, n'chimodzimodzi ndi mizere ya pa partograph imene ambiri timadzaza ngati fomu ya kuofesi. Namwino wa m'kaundula wapamwamba amayembekezeka kumuyeza wodwala, kukonza dongosolo la chisamaliro chake, kugawa ntchito kwa ena, n'kudzayankha yekha zinthu zikalakwika. Ubwino wanu woposa mwana wochokera ku Fomu 4 ndi wakuti phunziro lililonse muli nalo kale nkhope yake. Mukawerenga za kutaya magazi opitirira mamililita 500, mukumbukira mayi wina wake, bedi lake ndi usiku wake. Werengani mutu madzulo, mawa mukaufunefune muwodi.

Chosayenera: Kudumpha mitu ina poti "izi ndimazichita tsiku ndi tsiku." Amene amalephera mayeso mochititsa chisoni kwambiri ndi anamwino akale aluso, chifukwa amayankha mmene amachitira pachipatala chawo chosowa zipangizo, pamene funso likufuna mmene ziyenera kuchitikira ndi chifukwa chake. Musathawenso masamu a mankhwala. Dilipi ya lita imodzi yoti ithe m'maola 8, pa chubu cha madontho 20 pa mililita, ndi madontho 42 pamphindi. Muzitha kuzipeza papepala popanda foni, ndipo muzizichita mobwereza mpaka mantha atatha. Phunziro la kafukufuku ndi la kayendetsedwe ka wodi ambiri amalinyoza, koma ndi limene simunalilawe mokwanira poyamba paja.

Choyenera: Pitani ku pulakatiko masiku onse, ndipo pemphani akuikeni kumene simunagwireko. Ngati zaka zonsezi mwakhala kumatenite ndi kusikelo, mukufunika wodi ya ana, thiyeta, chipinda cha odwala kwambiri, ngakhalenso odwala matenda a maganizo monga aku Zomba Mental Hospital. Zipatala zazikulu ngati Kamuzu Central, Queen Elizabeth ndi Mzuzu Central zili ndi matenda amene inu mumangowalembera kalata yotumiza. Kumeneko mukaona mapeto a nkhani zimene mumaziyamba. Lolani sisita wamng'ono kwa inu akuyang'anireni pamene mukuchita chinthu chimene mwachichita kwa zaka 10. Zimawawa pang'ono, ndikudziwa, koma chizolowezi cholakwika mwini sachiona.

Chosayenera: Kupempha mnzanu asayine m'buku la pulakatiko zinthu zimene simunachite. Pa zonse zili pano, ichi ndi chimene chimandipweteka mtima. Foni itha kukubweretserani buku, kanema ndi mphunzitsi, koma siingakubweretsereni wodwala, ndiye siginecha ija ndiyo umboni wokhawo wakuti manja anu anakhudza chinthucho wina akuona. Tsiku lidzafika loti muli nokha, ambulansi ili kutali, ndipo chofunika ndi chija munasayinitsa pansi pa mtengo.

Choyenera: Konzani nthawi molingana ndi ndandanda wa ntchito, osati molingana ndi kalendala. Ola limodzi m'mamawa ana asanadzuke limaposa maola anayi a munthu wochokera ku naiti. Mukapita kuboma kukatenga mankhwala kapena kukasiya malipoti, tsitsani zonse za mwezi umenewo pamene netiweki ili bwino, kuti kumudzi muziwerenga popanda bandulo. Zofunika kwambiri sindikizani papepala. Kasola kakang'ono kotchajira foni kadzakuthandizani magetsi akathima.

Chosayenera: Kuwerenga pa foni mayi ali mu leba akubuula, kapena kutumiza ntchito ya kusukulu usiku wa tsiku lomaliza. Netiweki imakonda kuthawa usiku umenewo.

Choyenera: Gwiritsani ntchito odwala anu polemba ntchito ya kusukulu, koma afufuteni dzina, mudzi ndi chilichonse chowazindikiritsa. Ngati mukulemba mwatsatanetsatane za munthu mmodzi, mpempheni kaye m'chinenero chimene amamva.

Chosayenera: Kujambula bala, fayilo kapena buku lakuchipatala la wodwala n'kuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi kuti anzanu akuthandizeni. Pa gulu la anthu 40 mumakhala mlamu wa wina, ndipo chithunzi chikachoka m'foni mwanu simungachiitanenso. Mayi amene anakuuzani zakuti amamwa ma ARV anauza inu, sanauze kalasi. Chinsinsi cha wodwala ndi nkhani imene ingachititse khonsolo kukulandani laisensi imene muli nayo kaleyo.

Choyenera: Pezani anzanu awiri kapena atatu a m'boma lanu oti muzikumana nawo pamaso kamodzi pamwezi. Wophunzira patali amagwa ulesi mwakachetechete, palibe belu lomuitana, palibe womufunsa kuti dzulo unali kuti. Fotokozeranani mitu m'Chichewa. Chimene simungathe kuchifotokoza m'Chichewa ndiye kuti simunachimve. Aphunzitsi anu alembereni mukangosokonezeka, osadikira mayeso, poti safunsa anadya phula.

Chosayenera: Kukopera ntchito ya mnzanu, kulipira wina akulembereni, kapena kungotenga zimene makina a pa intaneti alemba n'kuikapo dzina lanu. Mayeso a khonsolo mudzalowa nokha ndi cholembera.

Choyenera: Werengerani ndalama zonse musanayambe. Fizi ndi gawo chabe. Pali mabandulo, thiransipoti yopita kukoleji, malo ogona ndi chakudya pa nthawi ya pulakatiko, kusindikiza mapepala, ndalama ya mayeso, komanso laisensi yanu ya panopa imene iyenera kukonzedwabe pamodzi ndi mapointi ake a CPD. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwauze kuti kwa kanthawi malata adikira, ndipo maliro ndi maukwati ena mudzatumiza chipepeso kapena mphatso osafikako. Kwa amayi, nkhani ya amene aziphika ndi kusambitsa ana inu muli ku pulakatiko ikambidwe poyera pachiyambi, isadzabuke ngati mkangano pakati pa chaka. Funsaninso kwa a National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi ngati pali thandizo lililonse kwa mamembala ophunzira.

Chosayenera: Kulipira fizi ndi katapila, kapena kudzaza masiku onse opuma ndi lokamu kuti mupeze ndalama. Mudzakhala mwalipirira maphunziro amene mulibe nthawi yowawerenga, ndipo namwino wosagona ndi amene amasokoneza mlingo wa mankhwala. Banki mkhonde ya anzanu apantchito ndi yabwinoko, bola mudziwe mwezi wobweza.

Choyenera: Yambani kukonzekera mayeso a khonsolo chaka chomaliza chikangoyamba. Dipuloma kapena digiri imachokera kusukulu, koma dzina lakuti Registered Nurse Midwife limachokera ku khonsolo, mutakhoza mayeso awo ndi kulowa m'kaundula. Mukalandira laisensi yatsopano, pititsani makope kwa olemba ntchito anu, ndipo dziwani kuti kusintha giredi kumadikira malo ndi intavyu. Sikubwera ndi pepala tsiku lomwelo.

Chosayenera: Kuyamba kugwira kapena kusayina ngati RN zotsatira zisanatuluke, ngakhale aliyense pachipatala akukutchulani kale sisita. Musasinthenso nkhope kwa ma NMT anzanu, kapena kuwadzudzula pamaso pa odwala ndi mawu atsopano a m'buku. Chimene mwaphunzira cha magnesium chija afotokozereni pa nthawi yosinthana ntchito m'mawa, mofatsa, fayilo ili patebulo. Ndipo tsegulani ndandanda wakale muwerenge naiti zimene anakugwirirani muli ku pulakatiko, muyambe kuwabwezera mwezi womwewo.