Masensa m'Nyumba za Okalamba ku Britain: Mafunso ndi Mayankho

Popeza mabanja ambiri a kwathu okhala ku England akhala akutifunsa, ena mwamantha ena mokwiya, za tizipangizo timene timaikidwa m'nyumba za makolo awo, ife osamalira okalamba taona kuti nkoyenera kuwayankha poyera.

Kodi masensa nchiyani?

Ndi tizipangizo tomata pakhoma, pachitseko kapena pansi pa matiresi, todziwitsa osamalira ngati nkhalamba yadzuka, yatuluka kapena yagwa.

Kodi si makamera ozonda agogo?

Iyayi. Kapakhoma kaja kamangomva kutentha kwa thupi loyenda, monga zichitira nyale zoyaka zokha munthu akamadutsa. Ndipo chimene mwana amaona pafoni yake ali kuntchito si nkhope ya amayi ake, koma chizindikiro chakuti m'khichini munayenda munthu m'mamawa, ketulo inayatsidwa, chitseko chakubwalo sichinatsekulidwe. Tsiku limene ketuloyo ikhala yozizira kufikira dzuwa lili paliwombo, pomwepo mtima umamuuza kuti aimbe foni. Makamera alipo pamsika, koma amenewo ndi nkhani ina.

Nanga kubafa ndi kuchimbudzi?

Funso ili sitilipeputsa, pakuti tinaleredwa podziwa kuti mwana kuona umaliseche wa kholo lake ndi malaulo. Kachipangizoko sikasiyanitsa wovala ndi wovula, wogwada kupemphera ndi wowerama kutola ndodo. Kamangodziwa kuti munthu analowa, ndipo sanatulukebe. Tisabise, ngakhale kudziwika kuti munthu anapita kuseri kasanu usiku umodzi kumachititsa manyazi; komatu kubafa, pansi poterera paja, ndiko okalamba amagwa kawirikawiri, nagona pamenepo kufikira mbandakucha popanda wowadzutsa.

Kodi zimalipiridwa?

Malinga ndi lamulo la Care Act la 2014, khonsolo imaunika zosowa za munthu kwaulere. Koma za tizipangizoto makhonsolo amasiyana, ndipo mwina mungalipire pasabata kapena pamwezi. Funsani khonsolo ya kwanuko.

Kodi tizipangizoti timamva zokamba zathu?

Masensa omva kuyenda kwa munthu alibe makutu. Bokosi la alamu lokha ndilo lili ndi cholankhulira, chimene mwa nthawi zonse chimatseguka alamu ikalira, monga pamene agogo adina batani lovala m'khosi, kuti alankhule ndi olandira mauthenga.

Magetsi akazima?

Mabokosi ambiri ali ndi batire, ngakhale sitingalonjeze maola ake. Dziwaninso kuti mafoni akale a waya akusinthidwa kukhala a intaneti pofika Januwale 2027, ndipo alamu zina zakale zingaleke kugwira ntchito bwino.

Amayi akukana, akuti tikuwazonda. Tiike mobisa?

Musatero. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limayesa munthu aliyense wamkulu kuti ngwokhoza kudzisankhira, kufikira zitatsimikizika kuti pa nkhaniyo sangathe. Ndipo amene anakuberekani kumsana sayenera kunyengedwa m'nyumba yake yomwe. Kuona maso a nkhono nkudekha: khalani nawo pansi, lero ndi mawa lomwe.

Koma mukunenetsa kuti palibe wowaona?

Tikunenetsa, malinga mwaika masensa osati kamera. Pemphani woikayo akulembereni maina a onse ololedwa kulandira mauthengawo, ndipo agogo aonetsedwe pafoni, ndi maso awo, chimene anthuwo amalandira.