Mtengo wa chipinda cha kudenga ku England

Nyumba zambiri za ku England zili ndi malo opanda ntchito pakati pa siling'i ndi denga, ndipo banja likakula eni nyumba amawasandutsa chipinda chogona. Ntchitoyi imadya mapaundi masauzande ambiri, ndipo ku London imakwera mtengo kuposa kumadera ena.

Choyamba kuyeza ndi msinkhu wa malowo. Ngati pakati pake safika mamita 2.2, pamafunika kukweza denga kapena kutsitsa siling'i, zomwe zimawonjezera ndalama kwambiri. Njira yotsika mtengo ndi kuboola denga n'kuikapo mawindo a Velux. Kutulutsa khoma ndi zenera padenga, komwe amati dormer, kumapereka malo ambiri koma kumadula, ndipo kumanganso mbali yonse ya denga kumaposa zonsezi.

Ndalama zambiri zimathera pa zinthu izi: zitsulo zochirikiza pansi, masitepe, zotchingira kuzizira ndi zitseko zosapsa msanga. Apa sipoyenera kuumira, chifukwa moto ukabuka usiku masitepewo ndiwo njira yothawira ana ogona pamwamba.

Nthawi zambiri chilolezo cha pulani sichifunika ngati malo owonjezerawo sapitirira ma cubic metre 40 pa nyumba zolumikizana mumzere, kapena 50 pa zina. Komabe oyendera zomangamanga ayenera kuvomereza ntchitoyo, ndipo amalipidwa. Ngati khoma ndi logawana, lamulo la Party Wall la 1996 limafuna kuti woyandikana naye auzidwe mwa kalata ntchito isanayambe, ndipo akapanda kuvomera, mwini ntchito ndiye kawirikawiri amalipira katswiri wounika khomalo.