Bulugamu wa Pakhomo ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Achikumbi ena afunsa ngati nkotheka kubzala bulugamu pabwalo kuti akometse khomo monga achitira maluwa. Nkotheka, koma mwini wake asaiwale chikwanje, pakuti bulugamu si chitsamba ai. Akalekereredwa atha kupitirira mapazi 80.

Mtengo umenewu kwao ndi ku Australia, ndipo mitundu yake ndi yochuluka kwambiri. Ku England amakonda Eucalyptus gunnii wa masamba obulungira otuwa, namudula chaka ndi chaka kuti asatalike. Ameneyo ngwa kumalo ozizira, ndipo sangapirire dzuwa la October la ku Nsanje. Ngakhale bulugamu wamtali wa ku Thyolo ndi Mulanje amafuna mvula yambiri imene chigwa chathu sichilandira. Pemphani kwa alangizi a zankhalango mbande za Eucalyptus camaldulensis, amene kwao amamera m'mphepete mwa mitsinje, napirira chilala ndi madzi osefukira omwe.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya malo. Mizu yake imayenda patali kufuna madzi, ndipo chimanga cha pafupi chimapinimbira. Musabzale m'dimba kapena pambali pa chitsime. Kuchokera panyumba siyani mayadi 20, chifukwa nthambi zake zimathyoka mosachenjeza, ndipo masamba ouma amagwira moto msanga. Denga la udzu silichedwa kupsa.

Bzalani mvula itakhazikika, mu December kapena January. Mdani woyamba ndi chiswe, chimene chimadya mizu ya mbande mpaka kamtengo kauma kali chiimire. Musaunjike udzu wouma patsinde; ambiri amathirapo phulusa. Mbuzi nazo, monga mudziwa, sizisiya kanthu kosatchingira.

Pakapita zaka ziwiri dulani mtengowo cha m'mawondo, mvula ili pafupi kuyamba. Dulani mopendeka kuti madzi asakhale pachitsa. Chitsacho chidzatulutsa mphukira zambiri za masamba anthete, ndipo ndicho chitsamba mufunacho. Muzidula chotero chaka chilichonse. Wofuna mapaso a chigafa cha fodya asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, nachotse zinazo.

Koma ngati mufuna mthunzi wokhalapo masana, bzalani nimu. Masamba a bulugamu amalendewera, ndipo dzuwa limapyola pakati pake.