Mau Akuti "Theka" ndi Ntchito Zake

Mau akuti "theka" tiwamva tsiku ndi tsiku m'kalasi, m'chipinda chodyera ndi kumsika komwe, koma ambiri a ife tiwatchula mosasamala. Tsono tiyeni tiwayang'ane bwino.

Theka ndilo gawo limodzi la chinthu chimene chagawidwa pakati penipeni, kotero kuti mbali zonse ziwiri zalingana. Kugawa pawiri ndi kugawa pakati nkosiyana. Mphika ukagwa nusweka pawiri, tingoti mapale, pakuti lina likula, lina lichepa. Chomwecho mnyamata amene auza mnzake kuti, "Nyema mkatewo, undipatse theka lalikulu," walakwa m'chinenero ndi m'masamu momwe. Theka lalikulu kulibe.

Chinenero chathu chili ndi mneni wakewake pa chinthu chilichonse. Nsalu ting'amba, nkhuni tiwaza, mkate tinyema, chingwe tidula. Koma kuti patuluke theka, tiyenera kuonjezapo mau akuti "pakati": "Ng'amba nsaluyo pakati."

Ntchito zake nzambiri. Pa nthawi, theka la ola ndi mphindi 30, ndipo theka la chaka ndi miyezi 6. Pa ndalama, makolo athu ankadziwa kuti theka la shilingi ndi makobiri 6. Chiyambire 1971, pamene kwacha inalowa m'Malawi, tinena kuti theka la kwacha ndi 50 tambala. Pa maphunziro a dziko, mzere wa ikweta ugawa dziko lapansi pakati, ndipo ife tikhala m'theka lakumwera.

Tichenjerenso kuti tisasokoneze dzinali ndi mneni wakuti "kutheka", amene achokera ku "kutha". Tikati "zatheka", palibe chimene chagawidwa.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga kulimbikira pa kamau kotere nkwanji?" Taganizani za abale awiri amene awasiyira munda umodzi. Mfumu ikati yense atenge theka, koma malire nkupendekera kwa wamkulu, udani wake ufika mpaka kwa adzukulu. Njira yabwino yopewera mkangano ndi iyi: mmodzi agawe, winayo ayambe kusankha. Wogawayo asamala kwambiri, podziwa kuti chotsala nchake.

Anzanga, mawa pa chakudya cham'mawa yesani njirayi pa mkate wanu, muone ngati theka lalikulu lidzaonekanso.

Wophunzira wa Fomu 3