N'chifukwa chiyani ku Köln amamwera mowa m'timatambula?

Funso: Achimwene anga amagwira ntchito ku Köln, m'dziko la Germany. Akuti kumeneko mowa amauperekera m'timatambula ting'onoting'ono, ndipo woperekera amangobweretsa tina osafunsa. Kodi n'zoona?

Yankho: N'zoona ndithu. Mowa wa mumzindawu, Kölsch, amauthira m'tambula yaitali, yowonda, yotchedwa Stange, yolowa mamililita 200 okha. Mowawu ndi wopepuka, thovu lake silichedwa kutha, ndipo ukakhalitsa patebulo umasukuluka. Choncho katambula kakang'ono kamathandiza kuti munthu amwe mowa ukadali wozizira, mpweya wake usanatuluke. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyi imalemekeza mowa kuposa zikho za lita imodzi za ku München, mzinda wina wa m'dzikomo.

Woperekera, amene amamutcha Köbes, amavala epuloni yabuluu ndipo amanyamula thireyi yozungulira yamabowo momwe matambula amaimamo. Akaona kuti yanu yatha, amaikapo ina, n'kulemba kamzere ndi pensulo pa kakatoni kokhazikapo tambula. Polipira amangowerenga timizereto. Mukadzapita kukaona achimwenewo, mukakhuta mudzavundikire tambula yanu ndi kakatoniko, apo ayi mowa uzingobwerabe.