Fyuluta ya CPL: Jambulani Katundu wa Pawindo Popanda Zithunzithunzi

Atelala, ogulitsa nsapato ndi eni masitolo ambiri masiku ano amatsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook. Koma mukaima panja n'kujambula zovala zimene mwayala pawindo, pachithunzipo pamatuluka minibasi yodutsa, mitambo, ngakhale inu nomwe mutagwira foni. Zovala zija sizikuonekanso. Vuto ndi loti masana panja pamawala kwambiri kuposa m'sitolo, ndiye galasi limasanduka kalilole.

Pali kachipangizo kochepetsa vutoli, kotchedwa fyuluta ya CPL. Ndi kagalasi kozungulira, kodera pang'ono, kokhala ndi mphete ziwiri. Imodzi mumamangira kutsogolo kwa lenzi, inayo imazungulira. Kuwala kukamenya galasi mopendekera n'kubwerera, kwambiri kumayenda mwa mtundu umodzi, ndipo fyulutayi imatseka mtundu umenewo n'kulola kuwala kochokera m'sitolo kudutsa. Luso lopanga zosefera zotere motsika mtengo linayamba ndi Edwin Land wa ku America, yemwe anakhazikitsa kampani ya Polaroid mu 1937.

Pogula

Yang'anani nambala yolembedwa palenzi yanu pafupi ndi chizindikiro cha ø, monga 52, 58 kapena 77. Amenewo ndi mamilimita, ndipo fyuluta ikhale ya nambala yomweyo. Aliponso ma CPL opanira pafoni.

Poimirira ndiye pagona nkhani

Ambiri amagula fyuluta, kuima moyang'anizana ndi windo ndendende, kuzunguliza mphete, n'kuona kuti palibe chasintha. Amati agula yabodza. Ayi ndithu. Mukalunjika galasi maso ndi maso, CPL ilibe mphamvu. Sunthirani kumbali, kamera iyang'ane galasi chopendekera, pa madigiri pafupifupi 35 kuchokera pagalasipo. Mukatero zungulizani mphete pang'onopang'ono, diso lili pasikirini. Muona minibasi ija ikuzilala, mitundu ya chitenje n'kuyamba kutuluka bwino, maluwa ake ndi ulusi wa m'mphepete zonse poyera. Pamene chithunzithunzi chathera, lekerani pomwepo. Mukatembenuza kamera kuti iime chilili, zungulizaninso, chifukwa fyuluta yatembenuka nayo limodzi.

Dziwani kuti CPL imadya kuwala: kamera imalandira theka kapena kucheperapo. Choncho gwirani mwamphamvu, tsamirani pachipilala, kapena ikani pa tirayipodi. Pafoni, dinani pakatundu yemwe mukufuna, osati pagalasi, kenaka tsitsani kuwala pang'ono kuti nsalu zoyera zisapserere. Fulashi zimitsani, imangosiya chibanga choyera pagalasi.

Zimene singathe

Kunyezimira kwa mapoto, malata ndi zitsulo zina zosapaka utoto sikuchoka ndi CPL. Magalasi ena olimbitsidwa ndi moto amaonetsa timawanga ukawayang'ana kudzera mufyuluta, ndipo sikirini ya TV kapena foni yomwe ili pawindo ikhoza kuda bii. Bwezani mphete pang'ono, zioneka.

Ngati mukufuna kujambula molunjika, chotsani fyuluta. Gunditsani lenzi pagalasi ndi chotchingira cha labala, kapena wina akugwirireni nsalu yakuda kumbuyo kwanu. Inunso valani zakuda. Malaya oyera amaoneka pagalasi kuposa katundu.

Nthawi yabwino kwambiri, m'kuona kwathu, ndi chisisira, magetsi a m'sitolo atayatsidwa, kunja kusanade kwenikweni. Apo m'kati mumawala kuposa panja ndipo galasi limaleka kuvuta. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pachithunzi, ndi mababu akuphethira malinga ndi magetsi athu a 50 Hz. Ikani liwiro la shata pa 1/50 kapena 1/100.

Musanayambe, pukutani galasi mbali zonse ziwiri, pakuti fumbi la mu Okutobala ndi zidindo za zala palibe fyuluta ingazichotse. Ngati sitolo si yanu, yambani mwapempha mwini wake. Mukamaliza, bwezerani CPL m'kabokosi kake, ndipo muziipukuta ndi kansalu kofewa basi, osati m'mphepete mwa malaya.